Kuikiza Zolembedwa Kutali

Mlimi wa khofi wa m'mapiri a Misuku akamalandira malipiro ake masiku ano, kaŵirikaŵiri saona ndalama ndi maso. Lamya yake ya m'manja imangolira, uthenga nkufika wonena kuti ndalama zakutizakuti zaloŵa, iye nkubweza lamyayo m'thumba mtima uli m'malo. Chimodzimodzinso mphunzitsi wa ku Nthalire pakutha pa mwezi. Koma omvera ambiri mwina sanadzifunsepo kuti kodi ndalamazo kwenikweni zili kuti. M'lamyamo mulibe, pakuti lamya ikagwera mumtsinje wa Songwe mwini wake amakatenga khadi lina la nambala yomweyo, ndalama zake nkuzipeza zili bwinobwino. Chuma chakecho ndi mzere umodzi wa manambala wolembedwa m'makina aakulu otchedwa seva, amene ali m'chipinda chozizira mumzinda wakutali kumene mlimiyo mwina sanapondeko. Dzina la nkhalamba yolandira Mtukula Pakhomo kwa Kameme lili m'makina otero, ndipo zidindo za zala za aliyense amene ali ndi chiphaso cha unzika zilinso komweko. Nanga chipindacho chitapsa usiku uno, maŵa kukacha ndani angachitire umboni kuti mlimi uja anali ndi kanthu?

Funso lotere si lachilendo m'dziko muno. M'chaka cha 1919, masiku amene Chitipa ankatchedwa Fort Hill, moto unatentha ofesi yaikulu ya boma la atsamunda ku Zomba. Makalata ndi mabuku amene boma linasonkhanitsa kuyambira m'chaka cha 1891 anasanduka phulusa pafupifupi onse. Lero munthu wofufuza mbiri ya zaka zimenezo amadalira kwambiri zimene zinasungidwa ku London, chifukwa makalata amene akuluakulu a boma ankatumiza kumeneko ankasungidwa mosamala. Zimene zinali zitaoloka nyanja zinapulumuka, koma zimene zinali ndi kope limodzi lokha m'kabati ya ku Zomba zinapita osabwereranso. Akuluakulu amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki m'maofesi a pa boma akumbukira pepala la kaboni lija lodetsa zala. Kalaliki ankatayipa kalata imodzi pa mapepala atatu: lina lopita kwa mwini wake, lina lotsala m'failo, lina lopita ku likulu. Nzeru yake inali yomweyo yoti moto wa pamalo amodzi usamalize zonse.

Anthu akumudzi nzeruyi anaidziŵa kale asanaone ofesi. Mwini ng'ombe wochenjera saunjika ziŵeto zake zonse m'khola limodzi, koma zina amakaikiza kwa mbale wake kutsidya la phiri, kuti nthenda kapena akuba akagwa pakhomo mbeu ya ng'ombe isatheretu. Chimene akatswiri a makompyuta amachita ndi kuikiza komweku, kungoti zolembedwa zili ndi mwai umene ng'ombe ilibe: zingathe kukhala kuno ndi uko nthaŵi imodzi. Amamanga zipinda ziŵiri za makina m'malo otalikirana, nazilumikiza ndi nthambo zokhala ndi ulusi wagalasi wonga tsitsi, m'mene mauthenga amayenda ngati kuŵala. Chilichonse cholembedwa m'makina a chipinda choyamba chimatumizidwa ndi kulembedwanso m'makina a chipinda chachiŵiri, popanda munthu kukhudza kanthu, usana ndi usiku. Pachingerezi ntchitoyi amaitcha replication. Choyamba chikapsa, chikamira kapena chikagwa, ntchito imasamukira ku chachiŵiri.

Izi zikusiyana ndi zimene maofesi ambiri amachita, zokopera zolembedwa pa kadisiki tsiku Lachisanu lililonse ndi kukatsekera m'kabati. Kukopera kwa Lachisanu nkwabwino, ndipo kuli ndi ntchito yake imene itchulidwe patsogolopa, koma tsoka likagwa Lachinayi ntchito ya pafupifupi mlungu wathunthu yatayika. Ndipo ngati kabatiyo ili m'chipinda chomwecho ndi kompyuta, moto sudzasankha.

Pali njira ziŵiri zoikizira, ndipo pamene pali mfundo yeniyeni ya nkhaniyi ndi pa kusiyana kwake.

Njira yoyamba ndi yodikira yankho. Mwachitsanzo, mai wogulitsa nyemba pamsika wa pa Chitipa boma wasungitsa ndalama ku banki. Makina a chipinda choyamba amalemba, natumiza uthenga ku chipinda chachiŵiri, nadikira. Achiŵiriwo akalemba amayankha kuti nawonso alemba, ndipo pokhapo mpamene maiyo amapatsidwa lisiti. Ubwino wake ngwoonekeratu. Lisiti iliyonse imene munthu wagwira m'manja ili ndi mboni ziŵiri, kotero kuti chipinda choyamba chitagwa mphindi yomweyo palibe tambala imene ingasoŵe. Akatswiri amati njirayi ndi synchronous.

Komatu kudikirako kuli ndi mtengo wake, ndipo amene amaika mtengowo si boma kapena kampani, koma mtunda. Kuŵala kumathamanga m'nthambo yagalasi makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi imodzi. Liŵiro lotere munthu angaliyese lopanda malire, koma makina amaŵerenga nthaŵi m'tizigawo tating'ono kwambiri. Sekondi imodzi itagaŵidwa m'tizigawo 1,000, uthenga wopita mtunda wa makilomita 100 ndi kubwerako, monga kuchoka pa Chitipa kukafika ku Karonga, umadya kachigawo kamodzi. Pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, pamene pali makilomita opitirira pang'ono 300, umadya tizigawo titatu. Kuchoka ku Chitipa kukafika ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 700, umadya tizigawo 7, osaŵerengera kuchedwa kwa makina a m'njira ndi kukhotakhota kwa nthambo. Kwa munthu tizigawo 7 si kanthu, ngakhale kuphethira kwa diso nkotalika kuposa pamenepo. Koma makina amene ayenera kulemba zinthu motsatana, china chikatha china, ngati chilichonse chidikira tizigawo 7, pa sekondi imodzi angamalize zinthu pafupifupi 140 zokha, pamene akadakhala osadikira akadamaliza zikwi. Tsiku la malipiro, anthu a m'maboma onse akuthamangira ndalama nthaŵi imodzi, mzere ungatalike mpaka panja. Palibe katswiri amene angafulumizitse kuŵala. Nchifukwa chake njira yodikirayi amaigwiritsa ntchito makamaka pa zipinda zoyandikana, zotalikirana makilomita makumi angapo, ndipo mtunda ukamapitirira makilomita mazana aŵiri kapena atatu ambiri amaileka.

Ilinso ndi vuto lina. Nthambo ya pakati ikaduka, kaya ndi khasu la munthu wokumba ngalande kaya ndi gumukire wa nthaŵi ya dzinja, makina oyamba amasoŵa woŵayankha. Pamenepo eni ake ayenera kukhala atasankhiratu: kodi ntchito iime kufikira nthambo italumikizidwa, kapena ipitirire ndi mboni imodzi yokha?

Njira yachiŵiri ndi yosadikira, imene amaitcha asynchronous. Makina oyamba amalemba, napereka lisiti pomwepo, ndipo uthenga wopita ku chipinda chachiŵiri umatsatira pambuyo, mwina patapita masekondi angapo, mwina mphindi zingapo, malinga ndi kukula kwa njira ndi kuchuluka kwa katundu. Apa mtunda suvuta. Chipinda chachiŵiri chingathe kukhala ku Mzuzu, ku Johannesburg kapena ku Ulaya. Nthambo ikaduka, mauthenga amaunjikana pamzere kudikira, ndipo ikalumikizidwa amapita onse. Chofunika nchakuti afike mwa dongosolo lomwe analembedwera. Mai uja akasungitsa ndalama m'maŵa natapako masana, koma uthenga wa kutapa nkuyamba kufika, buku lachiŵiri lingamuonetse ngati wangongole. Chotero uthenga uliwonse umapatsidwa nambala yake, monga masamba a buku la malisiti.

Choipa cha njirayi nchakuti buku lachiŵiri limakhala lotsalira nthaŵi zonse. Tsoka silinunkha, ndipo likagwa zimene zinali zisananyamuke zimapsera limodzi ndi chipinda choyamba. Ngati kutsalirako kunali kwa mphindi zisanu, anthu onse amene anasungitsa ndalama m'mphindi zisanu zomalizazo ali ndi malisiti amene buku lopulumukalo silikuŵadziŵa. Nkhani zawo zimakonzedwa pambuyo pake ndi manja, ndipo apa mpamene kapepala kapena uthenga wa palamya umene munthu anasunga umasanduka wamtengo wapatali. Mabungwe aakulu amene thumba lawo limalola amaphatikiza njira zonse ziŵiri: chipinda chachiŵiri chapafupi chodikira yankho, ndi chachitatu chakutali chosadikira.

Wina angafunse kuti bwanji osangomanga zipinda ziŵirizo moyandikana, nkhani nkutha. Anthu a ku Karonga angayankhe bwino. M'mwezi wa Disembala 2009 zivomezi zotsatizana zinagwedeza boma lawo kwa masabata aŵiri, chachikulu chake chofika pa mlingo wa 6, ndipo nyumba zikwi zingapo zinagwa kapena kung'aluka. Zipinda ziŵiri zomangidwa m'mudzi umodzi zikadagwedezeka pamodzi. Ku France, usiku wa pa 10 Malichi 2021, moto unanyeketsa imodzi mwa nyumba zinayi za makina za kampani ya OVHcloud mumzinda wa Strasbourg, ndipo ena mwa amene anasungitsa zinthu zawo kumeneko anazindikira mochedwa kuti kope lawo lachiŵiri linali pabwalo lomwelo.

Kutalikirana kokha sikukwanira. Zipinda ziŵiri zingathe kukhala m'mizinda yosiyana koma nkumayamwa bere limodzi. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wotchedwa Ana ataononga malo a Kapichira mu Januwale 2022, mphamvu yokwana mamegawati pafupifupi 130 inasoŵa kwa nthaŵi yopitirira chaka, ndipo kuzima kwa magetsi kunakhudza ngakhale maboma amene namondweyo sanafikeko. Chipinda chachiŵiri chenicheni chiyenera kukhala ndi magetsi akeake, kaya a jenereta kaya a dzuŵa, ndi njira ya nthambo yakeyake yosadzera mlatho womwewo umene nthambo yoyamba yadzera. Mu Julayi 2022 boma linatsegula nyumba yaikulu yosungiramo zolembedwa za dziko ku Blantyre. Chimenechi chinali chinthu chofunika, koma nyumba yotere, ngakhale ikhale yolimba chotani, mphamvu yake yeniyeni imaoneka pamene ili ndi inzake kwina.

Asanagule makina alionse, eni ntchito amayenera kuyankha mafunso aŵiri, ndipo si mafunso a akatswiri okha. Loyamba: tsoka litagwa, ndi ntchito ya nthaŵi yaitali bwanji imene ingatayike popanda kupweteka anthu? Lachiŵiri: ntchito ingaime nthaŵi yaitali bwanji anthu akudikira? Banki singalole kutaya ngakhale mphindi imodzi. Kaundula wa ana a sukulu ya pulaimale ku Wenya atatsalira ndi mlungu umodzi, aphunzitsi angathe kumubwezeretsa kuchokera m'mabuku. Yankho lililonse lili ndi mtengo wake, ndipo kufuna kuti kanthu kasatayike konse kumadula koposa. Kulakwa kumene kumachitika kaŵirikaŵiri ndiko kusafunsa mafunsowo, kufikira tsiku la moto litaŵayankha lokha.

Tsopano pali chinthu chimodzi chimene ogulitsa makina sakonda kuchitchula mokweza. Chipinda chachiŵiri chili ngati kalilole: chimaonetsa chilichonse chimene chaima patsogolo pake, chokongola ndi chonyansa chomwe. Kalaliki akafufuta mwangozi maina a mudzi wathunthu, m'masekondi ochepa mainawo amafufutikanso kutsidya. Wakuba akasintha manambala, makina okhulupirika aja amanyamula bodzalo nakalilemba mosamala m'buku lachiŵiri. Pa mlandu wa kubedwa kwa ndalama za boma wa m'chaka cha 2013, umene unatchuka ndi dzina loti Cashgate, ofufuza anapeza kuti malipiro achinyengo ankaloŵetsedwa m'makina oŵerengera chuma cha boma, ndipo macheke akatapidwa zolembedwazo zinkafufutidwa. Pa zinthu zotere kalilole sathandiza. Chothandiza ndi kope lakale, lojambulidwa pa tsiku lodziŵika, limene palibe angalisinthe. Apa mpamene kadisiki ka Lachisanu kaja kamabwezera ulemu wake.

Nkhani ya kampani ya zombo ya Maersk ya ku Denmark ikuonetsa zimenezi modabwitsa. Mu Juni 2017 pulogalamu yoononga yotchedwa NotPetya inaloŵa m'makompyuta ake. Kampaniyo inali ndi makina pafupifupi 150 m'maiko osiyanasiyana osunga kaundula wa amene ali ndi chilolezo choloŵa m'makompyuta ake, ndipo onsewo ankakoperana okhaokha, kotero kuti eni ake ankayesa kuti sangatayike onse. Anafufutika onse nthaŵi imodzi, kupatula amodzi a mu ofesi ya ku Ghana. Amenewo anapulumuka chifukwa magetsi anali atazima kumeneko, ndipo makinawo anali osalumikizika pamene mliriwo unkadutsa. Disiki yake inachita kunyamulidwa pamanja, kudzera ku Nigeria, mpaka ku England kumene akatswiri ankadzutsa ntchito. Kuzima kwa magetsi kumene anthu amadandaula nako tsiku ndi tsiku kunapulumutsa kampani yaikulu chotero, koma nzachidziŵikire kuti palibe angamange ntchito yake pa mwai wotere. Chimene chinachitika mwangozi ku Ghana, osamala amachichita dala: amasunga kope limodzi losalumikizidwa ku nthambo iliyonse.

Kuno kwathu ku Malaŵi anthu analaŵako kuŵaŵa kwake mu Febuluwale 2024, pamene ntchito yosindikiza ziphaso zoyendera inaima kwa masabata angapo. Pulezidenti wa nthaŵiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analoŵerera makina a ntchitoyo ndipo ankafuna dipo. Kwa anthu a boma la m'malire ngati Chitipa, kumene ulendo wa ku Nakonde kapena ku Mbeya uli gawo la moyo ndi malonda, kuima kwa makina a mumzinda si nkhani yongomva pa wailesi. Ndipo maiko olemera nawonso amapunthwa. Mu Seputembala 2025 moto woyambira ku mabatire unagwira nyumba ya makina a boma la South Korea mumzinda wa Daejeon, ntchito za boma zoposa 600 nkuima, ndipo nkhokwe ina imene ogwira ntchito m'boma ankasungiramo makalata awo inatheratu chifukwa inalibe kope kwina.

Nanga ofesi yaing'ono ya kumudzi, imene ilibe chuma chomangira zipinda ziŵiri, ingatani? Njira yosadikira ija inakhala ngati inapangidwira malo otere. Kalembera wa unzika wa m'chaka cha 2017, amene analemba anthu oposa 9 miliyoni, anayenda ndi makina onyamula m'manja oyendera mphamvu ya dzuŵa. Makinawo ankalemba anthu kumidzi kumene kunalibe netiweki, ndipo zolembedwazo zinkasonkhanitsidwa ku likulu pambuyo pake. Pamasiku amene zinali zisanatumizidwe, nkhope ndi zala za mudzi wathunthu zinali m'bokosi limodzi lokha. Chimodzimodzi kompyuta ya bungwe la alimi kapena ya pachipatala chaching'ono cha kumapiri: ingathe kugwira ntchito tsiku lonse payokha, ndipo netiweki ikapezeka madzulo nkutumiza zosintha za tsikulo, osati buku lonse, koma mizere yatsopano yokha. Lamulo losavuta limene akatswiri amaphunzitsa nlakuti chinthu chofunika chikhale ndi makope atatu, pa zosungira za mitundu iŵiri, ndipo limodzi likhale kutali. Achipatala anayamba kale kuchita zofanana ndi zimenezi popanda kompyuta. Kabuku ka kuchipatala kamene mai amasunga m'chikwama kapena pansi pa mphasa ndi kope loikizidwa kunja kwa ofesi, ndipo kaundula wa pachipatala atanyowa kapena kudyedwa ndi chiswe, mbiri ya katemera wa mwana imapezeka m'kabukuko.

Chotsala ndi kuyesa, ndipo ichi nchimene ambiri amachizemba. Chipinda chachiŵiri chingathe kukhala zaka zitatu nyale zake zikuthwanima, pamene kukopera kunaima kalekale popanda wozindikira, kapena disiki inadzaza, kapena munthu yekhayo wodziŵa mau achinsinsi otsegulira anasamutsidwa. Mbeu yosungidwa m'chiguduli mlimi amaifesako pang'ono mvula isanagwe kuti aone ngati imera. Mabungwe osamala amasankha tsiku, kamodzi kapena kaŵiri pa chaka, kaŵirikaŵiri usiku wa Loŵeruka pamene ntchito yachepa, nazimitsa dala chipinda choyamba. Wina amagwira wotchi. Amaŵerenga mphindi zimene zapita chipinda chachiŵiri chisanayambe kuyankha, nayerekeza mabuku aŵiriwo mzere ndi mzere kuti aone chimene chasoŵa. Pambuyo pake pamabwera ntchito imene imavuta koposa, yobwezera zonse ku chipinda choyamba, pamodzi ndi zatsopano zimene zalembedwa usikuwo, Lolemba m'maŵa zitseko zisanatsegulidwe.